Ndowa ya Pamaliro

Kwathu ku Chiosya, maliro akagwa mkazi aliyense amatenga ndowa kupita kumjigo. Palibe amakuitana, koma amayi amaona. Ukamajomba, tsiku lako likafika amabwera ndithu, n'kukhala pansi manja ali m'chitenje, kuti nawe ulawe.

Ine ndinasiya kutunga thupi litayamba kundikana. Ndinkadzuka m'mawa ngati ndachezera kupalira fodya. Kungosesa pakhonde, mtima gugugu, mpweya kuperewera, basi kugona mpaka mawa lake. Kuchipatala ku Ludzi adokotala anati minofu ya mtima wanga ndi yofooka, sipopa magazi mokwanira. Anandiletsa kusenza cholemera, ati ndingagwe osadzukanso.

Chondipsetsa mtima n'chakuti matenda amenewa amatupitsa. Miyendo ndi nkhope zinadzaza madzi, anthu n'kumati ndanenepa. "Koma ndiye mukudya bwinotu," anatero alamu anga, akazi a achimwene, akuchokera kumaliro ena nkhata ili m'manja. "Odwala ake onona chonchi?" Zimene ndinawayankha sindingazilembe pano. Chikanakhala chilonda ndikanawaonetsa, nanga mtima ungauvundukule bwanji?

Ndinayesa kumapita kukangokhala pasiwa ndi okalamba, kuimba nawo nyimbo. Zinaipiraipira: mayi wamsinkhu wanga kukhala pamphasa anzake akusenza madzi. Ndikapita mlandu, ndikatsala mlandu.

Mantha anga onse anali pa amayi anga, okalamba, amene ndinkakhala nawo. Ndinkawayang'ana akuwodzera pakhonde n'kumadzifunsa kuti madzi odzawasambitsa adzatunga ndani.

Anamwalira mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Amayi a m'mudzi anabwera onse, analira bwino lomwe, kenako anakakhala patsinde pa mango. Migolo ili youma. Palibe anadzuka.

Ndinatenga ndowa ndekha. Mjigo uli kuseri kwa tchalitchi, pafupi pomwepa, koma ndinapumira panjira ndowa ilibe kanthu. Ndinapopa, ndinasenza, ndinafika mpaka pomwe amayi a patsinde pa mango aja ankandiona. Pamenepo m'maso munachita mdima.

Ndinatsitsimuka ndili pansi, chitenje chili chonyowa. Madzi amene anatsala m'ndowa, osambitsa amayi anga, anathira ine kumaso. Ndowa za anzanga zinali zitayamba kulira panjira ya kumjigo. Alamu anga anandigwira mutu.

"Inunso, bwanji osanena kuti mukudwala?" anatero.

Mwezi wotsatira kunagwa maliro ena, ine ndikuonekabe wonenepa, ndipo maso onse anali pa ndowa yanga.