Waya Amene Anandisiyira

Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndipo izi ndikulemba pang'onopang'ono, dzanja likuwawa. Koma za injini musandiuze. Ndinayendetsa mathiraki njira ya ku Tete kuyambira tsitsi lili bii mpaka maso atayamba kuchita chifunga, ndipo masiku amenewo pa Mwanza pano panalibe galimoto yondikanika, yaikulu kapena yaing'ono. Ndinkangogunditsa sikuludiraiva pa injini, chigwiriro kukhutu, n'kunena pamene pakudwala. Mawu anganso ndi aakulu chibadwire. Ndikalankhula pagolosale, akudimba amamva.

Mwana wanga wamkazi anakwatiwa ndi mwamuna wofatsa wa kwa Kanduku, amene anadzamanga pamudzi pathu kwa Nthache kuno monga mwa chikamwini. Akamwini angawa ndi munthu waulemu wosaneneka. Tikakumana panjira amapatuka, chipewa kumanja. Nkhani yolemera sandiuza maso ndi maso, amaidzeretsa kwa mkazi wawo. Iwowa anagula pikapu yakale yochokera kunja, yotengera manachesi ku Blantyre.

Chaka chimenecho mitengo inabereka mpaka nthambi kuthyoka. Anathyola manachesi onse akupsa n'kuunjika pakhonde ndi pansi pa mtengo wamango, kuti kukacha apakire. Kutacha, galimoto inakana. Sitata ikuzungulira bwinobwino, koma injini osagwira.

Sanandiitane. Ndinamva ndekha kulira kwa sitatako ndili kwanga, n'kunyamula thumba la masipanala. Anthu anali atasonkhana kale, ndipo atandiona anandipatsa njira, wina n'kunena kuti dokotala uja wafika. Ndinalengeza kwa onse kuti dzuwa lisanafike pamutu galimotoyi ikhala itadutsa pa Boma.

Nditatsegula boneti ndinadabwa, koma sindinaonetse. Kabuleta munalibe, mawaya okhaokha ndi mapulasitiki. Ndinadzilimbitsa mtima kuti injini ndi injini basi, imafuna mafuta, moto ndi mpweya. Ndinamasula mapulagi n'kuwapala. Moto kunalibe. Ndinati ndi koyilo, akamwini n'kupalasa njinga kukagula ina pa Boma. Sizinathandize. Ndinati ndiye ndi pampu ya mafuta, popeza siinkang'ung'udza ukatembenuza kiyi. Tinatsitsa thanki, ine n'kuyamwa petulo ndi pakamwa mpaka milomo inasupuka. Tsiku lina ndinasonkhanitsa amuna a m'mudzi kuti aikankhe pamtsetse wopita kumtsinje, ine ndili pachiwongolero ndikuwakuwira kuti alimbike. Inatsika zii ngati ngolo, ndipo pobwerera anachita kuikoka ndi ng'ombe.

Masiku akupita, manachesi apansi pamulu anayamba kufewa. Fungo lowawasa linadzaza pabwalo, tintchentche tili ng'waa. Mwana wanga ankasankha owola m'mawa uliwonse n'kukataya kudzenje. Mayi akunyumba anandiuzako mwakachetechete kuti abambo, zinthu za ana zikutha. Ndinawayankha kuti ayang'ane zam'khitchini.

Kenaka mwana wangayo anabwera kudzagwada pamene ndinkasamba m'manja. Anati bambo a ana akuti mwina vuto ndi kompyuta bokosi, kabokosi kamene kamalamula injini yonse, ndipo pa Boma pali wamagetsi a galimoto amene ali ndi makina oyezera.

Ndinayankha mokweza dala, kuti akamwini amve okha kuseri kwa nyumba kumene anaima.

"Kompyuta ndi ya mu ofesi. Galimoto ndinayamba kuzigwira amuna akowo asanamere mano. Akandiitanira munthu wina pano, ndiye kuti ine si bambo wawonso."

Nkhani inathera pompo. Mkamwini sabwezera apongozi mawu.

Mosakhalitsa kunagwa maliro a alamu anga kwa Kanduku, ndipo ine ndi mayi akunyumba tinapita, n'kukakhalako mpaka ataika ndi kusesa. Titabwerako, galimoto inali pomwe ndinaisiya, boneti ili yasa. Mwana wanga anati akamwini akupempha kuti ndiyesenso kamodzi, iwo nzeru zawathera.

Ndinasuzumira. Pompo ndinaona waya wonenepa wakuda, wochokera kubatire kupita kuchitsulo cha galimoto, amene timati waya wa efi, ali gwedegwede, nati yake itamasuka. Ndinadzitukwana kuti chinthu chapoyera chotere ndinachiphonya bwanji. Ndinapala, ndinamanga, n'kutembenuza kiyi. Injini inalira nthawi yomweyo.

Mmene ndinakuwira tsiku limenelo, mbuzi zinathawa. Amayi a m'mudzi analulutira. Akamwini anawomba m'manja chapatali n'kuthokoza kwambiri. Manachesi otsala, amene sanafike ndi theka lomwe, anapita ku Blantyre tsiku lomwelo. Ine nkhani ndinaifalitsa paliponse, pabawo, panja pa tchalitchi, pamsika. Ndinkati ana a masiku ano amathamangira kompyuta pamene vuto ndi nati imodzi. Anzanga apabawo ankandipempha kuti ndiifotokozenso, ine n'kumaibwereza, ulendo uliwonse ikukula.

Patapita milungu ndinakwera nawo galimotoyo kupita pa Boma kukatenga mankhwala anga kuchipatala. Pobwerera anaima pagalaja ina kuti aikitse babu la nyale yakumbuyo, iwo n'kuthamangira kumsika kukagula zimene mkazi wawo anawatuma. Ndinatsala pabenchi. Mwini galajayo anali wamagetsi uja, bambo wonenepa wokonda nkhani. Anali mlendo pa Mwanza, wochokera ku Limbe, ndipo sankandidziwa. Anandiyesa wokwera matola.

Anasisita boneti n'kunena kuti uyu ndi wodwala wake. Sindinamufunse, anayamba yekha kufotokoza. Anati anapita kumudziko panjinga yamoto. Atatembenuza kiyi anaona kuti kanyale ka injini padashibodi sikakuyaka, ndipo makina ake atawalumikiza pansi pa chiwongolero, galimoto sinayankhe. Anayeza mafyuzi, onse amoyo. Anayeza mawaya olowa m'bokosimo, magetsi akufika bwinobwino. Apo anadziwa kuti lafa ndi bokosi lenilenilo.

Analowa m'galaja n'kutuluka ndi kabokosi kachitsulo, kosaposa chikhatho changa. Anakatsegula n'kundionetsa. Mkati munali mobiriwira ngati ndere, pena pakuda popserera. Anati madzi amvula ankalowa m'mbali mwa galasi lakutsogolo n'kumadonthera momwemo dzinja lonse. Kena anakakapeza ku Blantyre, kochotsa m'galimoto yangozi, ka manambala ofanana, n'kubwereranso kumudzi kukakamanga ndi kukaphunzitsa kuti kazindikire kiyi.

Kenaka anayamba kuseka, mimba ikugwedezeka.

"Koma madala, mwini galimotoyi ali ndi apongozi ovuta. Akuti anali dalaivala kalekale. Titamaliza zonse, galimoto ikulira, mwiniyo akundipempha kuti ndimasule waya wa efi, akhale poonekera, kuti akuluwo akabwerako kumaliro adzapeze okha. Ndikuti nanga akapanda kuona? Akuti ndiye mumasule kwambiri."

Ndinasekako pang'ono kuti asadabwe. Mawu anga aja omveka kudimba anandithawa. Ndinaganiza za dzenje lodzaza manachesi, za mwana wanga atasenza dengu m'mawa uliwonse, za akamwini akuwomba m'manja. Ndinaganizanso za amayi olulutira aja ndi anzanga apabawo. Njinga yamoto siilowa m'mudzi mwathu mobisa, ndipo iyi inalowa kawiri. Aliyense ankadziwa. Ankangondimvetsera n'kumagwedeza mitu.

Ndinamupempha kabokosi kakufako, ndikuti ndikasungiremo misomali. Anandipatsa. Ndinakaika pampando wa dalaivala n'kukakhala mbali yanga.

Akamwini atabwera anatsegula chitseko n'kuima. Anakayang'ana kwa nthawi yaitali. Kenaka anakanyamula ndi manja awiri, n'kukalowetsa pansi pa mpando, n'kuliza galimoto. Tinadutsa msika, tinasiya tala. Titafika pamtsetse uja anachepetsa liwiro n'kunena, maso ali kumsewu:

"Bambo, kumbuyoku kukumveka kaphokoso ndikamatsika. Ine sindikukadziwa. Mungandimvereko?"

Ndinatsitsa galasi n'kutchera khutu. Ndinamvetsera mpaka tinafika pakhomo. Mwina kanalipo, mwina ankangondipatsa waya wina. Ndinawauza kuti ine sindinamve kanthu, akafunse bambo wa pa Boma uja, ndi amene akuidziwa galimotoyi. Ndinanena motsitsa, moti anachita kundifunsanso kuti ndati chiyani.