Diramu ya Buluu ya Achimwene

Ku Sizinda mukafunsa nyumba ya a Simeon Kachingwe, anthu akhoza kukanda mutu. Koma mukati mukufuna kwa mdala wa nsomba, ngakhale ana amakulozerani. Mdala ameneyo ndi achimwene anga. Ine ndine Loice, mlongo wawo wamng'ono, ndimakhala ku Mabutweni, ndipo nkhaniyi ndikuifotokoza mtima usanaphwe.

Bambo athu anachoka ku Ntcheu ali mnyamata nkudzagwira ntchito m'nyumba ya mzungu wina ku Hillside, mumzinda uno wa m'dziko la eni. Mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira thanki ya galasi yokhala ndi tinsomba ta mbuna, tina tachikasu, tina ta mizere ya buluu. Bambo sanaone phindu la nsomba yosakwana n'komwe ndiwo za mwana. Koma atatchula kuti mtundu umenewu umachokera kunyanja ya kwathu, a Simeon, amene anali asanapondepo ku Malawi ndipo mpaka lero sanapondeko, anakakamira thankiyo ngati chiphaso chawo.

Anakula nayo, anakwatira nayo, anagwira ntchito ku njanji mpaka kupuma ali nayo. Nsomba zinkaswana, zakale nkufa, ana nkukula, mtundu womwe uja osatha. Ifeyo tinkawaseka kuti akazi awo oyamba ndi thanki, alamu anga a Winifred ndi achiwiri. A Winifred nawo ankaseka nafe.

Kukhala pabalaza pawo kunali kulowa m'kalasi. Ankakuonetsa yaikazi yotupa kukhosi nkukuuza kuti imeneyo yasunga mazira m'kamwa, siidya kanthu mpaka ana aswe. Ankayankhula zimenezi motsitsa mawu, ngati muli wodwala m'nyumba. Ine zinkanditopetsa, sindikana. Koma ndinkaona kuti munthu wa mawu ochepa uja akafika pa nsomba zake amamasuka.

Vuto la mzinda uno ndi madzi. Mpopi umauma masiku, kenako tsiku lina umatsokomola nkulavula zofiirira, ndipo akayera amakhala akununkha mankhwala. Madzi otere kwa nsomba ndi imfa. Choncho achimwene anali ndi diramu ya buluu kuseri kwa nyumba. Madzi akabwera ankadikira kuti ayere, nkuwasefa pa nsalu, nkuwasiya m'diramumo masiku ambiri kuti fungo la mankhwala lithe. Loweruka lililonse ankachotsako madzi ena m'thanki nkuthiramo a m'diramu. Munthu wake sanali womana. Wilibala, makwerero, ngakhale jekete ya kutchalitchi ankabwereketsa. Lamulo linali limodzi lokha, ndipo msewu wonse unkalidziwa: diramu ya buluu siikhudzidwa.

Chaka chimene kolera inavuta, nsomba zinayamba kufa.

Zinkayamba ndi kukwera pamwamba, kukamwa kuli yasa, kupuma movutika. Zina zinkadzikhula pa miyala. M'mbali mwa mutu, momwe zimapumira, munkafiira ngati mwapsa. Madzi a m'thanki, amene kale unkaona khoma la tsidya lina, anayamba kuchita mbuu. Sabata ina kufa ziwiri, sabata yotsatira bata, kenako zitatu.

Achimwene anadziimba mlandu pa chilichonse. Anati mwina akuzipatsa chakudya chambiri, nkuchepetsa. Anati ndi kuzimazima kwa magetsi kumene kukuimitsa kapampu ka mpweya, nkuyamba kumatunga madzi ndi kapu nkumawathiranso kuchokera m'mwamba mpaka mkono kuwawa. Ndipo poona kuti madzi akuda, anachita zimene moyo wawo wonse zinkathandiza: anayamba kusintha madzi pafupipafupi, kutunga m'diramu yawo yodalirika ija. Nsomba zinafa kuposa kale. Anaonda, malaya nkumawalendewera. Alamu anga ankawaona tsiku ndi tsiku akukwirira tinsombato pansi pa mtengo wa mapeyala.

Panali mnzawo wa ubwana, a Jasper, amene analowa nawo ntchito ku njanji chaka chimodzi. Miyezi ingapo m'mbuyomo a Jasper anali atawagulira nsomba ziwiri m'sitolo ya m'tauni, mphatso chabe. Zifukwa zina zonse zitatha, maganizo a achimwene anagwera pa nsomba ziwirizo. Tsiku limene anawafunsa ine ndinalipo, ndinabwera kudzawaona.

"Jasper, tinsomba tako tija tinabwera ndi matenda," anatero a Simeon ataima pageti. "Unaona kuti n'todwala, koma unangoti ah, Simeon adzaona yekha."

"Hayi, mfowethu, m'bale wanga, ine sindinadziwe zimenezo," anayankha a Jasper, maso ali pansi.

"Zaka zonsezi mtundu wa bambo anga uli bwinobwino. Wabwera iwe, finish. Pakhomo pano usadzapondenso."

A Jasper anavula chipewa, nkuchivalanso, nkumapita. Alamu anga anali pakhonde akusankha nyemba. Sanadzutse mutu.

Tsopano muyenera kudziwa za maliro athu. Ife a ku Malawi kuno tilibe mudzi, ndiye maliro ndiwo mudzi wathu. Wina akamwalira ku Lobengula, a ku Sizinda, a ku Mpopoma, a ku Mabutweni tonse timakhamukira komweko, ndipo mipopi ikauma, mayi aliyense wa Mvano amabwera ndi chigubu cha madzi ophikira, a tiyi ndi osamba m'manja pochokera kumanda. Kufika ndi madzi ofiirira ndi manyazi. A Winifred anali mtsogoleri wa amayi a dera lawo, ndipo mtsogoleri sabwera ndi chigubu chimodzi. Achimwene nawo pa maliro sachedwa. Uthenga ukangofika, iwo ndiwo oyamba kunyamuka kukathandiza kukhoma tenti, nyumba nkutsala m'manja mwa akazi awo.

Chaka chimenecho maliro anachuluka. Pa maliro ena ku Lobengula ndinakhala pafupi ndi mayi wina wachikulire amene sankandidziwa. Anamwa tiyi, nkupukusa mutu mokhutira.

"Uyamuzwa, ukumumva tiyi ameneyu, mwanangu? Alibe fungo," anatero. "Awa ndi amanzi a nsomba. A Winifred a ku Sizinda ndiwo amabweretsa, amuna awo ali ndi diramu ya madzi abwino kwambiri. Koma usakanene, mdalayo sadziwa."

Amayi amene anali pafupi anaseka. Mmodzi amene ankandidziwa anamutsina mayiyo pa ntchafu, koma mawu anali atatuluka kale. Ndinayang'ana nkhope zawo imodziimodzi, ndipo panalibe ngakhale mmodzi wodabwa. Ndinaika kapu yanga pansi nkudzuka.

Ndinawapeza alamu anga kuseri kwa tenti akutsuka makapu.

"Alamu, diramu ya achimwene mumatungamo?"

Kapu inawapulumuka. "Sisi Loice, ndimabwezeramo," anatero. "Nthawi zonse ndimabwezeramo, full. Ndimatenga a pampopi amene ndasunga m'zidebe. Ndipo kuti akhale oyera ndimaponyamo mapilitsi a klorini amene anatipatsa kukiliniki. Ndimaponya awiri, osati amodzi."

"Ndiye nsomba zitayamba kufa?"

"Poyamba sindinadziwe kuti ndi zimenezo."

"Nanga mutadziwa?"

Anayamba kulira. Anati amayi anali atazolowera, akanawauza chiyani? Anati ankaganiza kuti maliro otsatira adzakhala omaliza. Anati ankaopa. Ine misozi imeneyo sinandigwire mtima ngakhale pang'ono. Kulakwitsa aliyense amalakwitsa, ndipo madzi operekedwa pa maliro palibe angawadandaule. Achimwene akanapemphedwa, ndikudziwa, akanagula diramu ina nkuidzaza okha. Chimene chinandipsetsa mtima n'chakuti munthu unkagona naye nyumba imodzi, ukumuona akutunga poizoni ndi manja ake nkumathirira zinthu zimene wazisamala kuyambira ali mwana, ukumumva akuthamangitsa mnzake wosalakwa, iwe nkumasankha nyemba.

Ndinawauza achimwene tsiku lomwelo titabwerako kumanda. Sanakalipe. Anapita kuseri, nkutsegula diramu, nkuweramira m'kati. Fungo linalimo ndithu, koma mphuno zawo zinafooka kalekale ndi utsi wa ku njanji, ndipo sanaganizepo zokayikira madzi amene anasefa okha. Anabwerera pabalaza nkukhala moyang'ana thanki. Munali mutatsala nsomba imodzi, yaikazi yachikasu, itabisala kuseri kwa mwala, kukhosi kuli kotupa.

"Ili ndi mazira," anatero. Kenako anati, "Loice, ndiperekeze kwa Jasper. Ndinamulakwira."

Tinawapeza a Jasper akukonza njinga pakhomo pawo. Achimwene, munthu wosazolowera kupepesa, anavula chipewa nkuyankhula bwinobwino. Anati anachita zopusa, nsomba zija zinalibe matenda, ndi madzi. Anapempha kuti awakhululukire.

A Jasper anapukuta manja pa buluku kwa nthawi yaitali.

"Simeon, usandipepese," anatero. "Mina ngangisazi. Ndinkadziwa."

"Unkadziwa chiyani?"

"Zigubu zija n'zolemera, mayi sangazinyamule yekha mpaka pokwerera kombi. Ndinkakankha wilibala ndine. Wilibala yako yomwe."

"Ndipo tsiku lija pageti?"

"Ndinati bola undikwiyire ine kusiyana ndi kuti banja lisokonekere. Ndinkaganiza kuti wina adzakuuza."

"Wina ndani?"

A Jasper anayang'ana msewu, nyumba za mbali iyi ndi za mbali iyo. Sanatchule dzina, ndipo panalibe chifukwa chotchulira. Achimwene anavala chipewa chawo nkutembenuka. M'njira monse aliyense amene anatipatsa moni, iwo ankamuyang'anitsitsa kumaso mpaka munthuyo kuthawitsa maso. Anathawitsa ambiri.

M'mawa mwake ndinamva kugogoda ku Mabutweni. Anali achimwene, atakumbatira chidebe chovindikira ndi nsalu, kapampu kali m'thumba la jekete. Anakwera nacho kombi atachiika pamiyendo. Thanki inabwera masana pa ngolo.

"Undisungire," anatero. "Madzi ndizibweretsa ndekha. Iwe usathiremo kanthu, ngakhale dontho."

"Achimwene, nanga kunyumba?"

"Kunyumba kuli anthu abwino okhaokha," anayankha. "Ndiwo andiphera nsomba."

Nsomba ija inalavula ana ake patapita masiku, koma ambiri anatuluka akufa kale. Otsalawo ali pabalaza panga, tinthu tating'ono ngati njere za mpunga, ndipo sindikudziwa ngati adzakule. Achimwene amabwera Loweruka lililonse ndi zigubu ziwiri zimene amazisunga m'chipinda chokiya, kiyi ali m'khosi. Pa maliro amapitabe, tenti amakhomabe, koma tiyi samwa.

Banja silinathe. Anthu akuti zinatha bwino, ndipo amayi a Mvano anabwera kudzapemphera nawo. Ine ndinapitako Lamulungu lapitali. Kunja kunkatentha, achimwene atangofika kuchokera kutchalitchi, thukuta lili kamukamu. Alamu anga anabwera ndi kapu ya madzi pa mbale, nkugwada monga achitira zaka zonse za ukwati wawo.

"Abambo, madzi."

"Zikomo, mayi," anatero achimwene mwaulemu wonse.

Analandira kapuyo ndi manja awiri nkuiika pa tebulo. Kenako anadzuka, nkupita kukhitchini kukadzitungira okha. Alamu anga anatsala chigwadire.