Makina a Maso Awiri

Linali Loweruka loyamba la Seputembala, chaka chomwe ndinakwanitsa zaka khumi ndi ziwiri, cha m'ma folo koloko madzulo, pamene fungo la mafuta a mfuti linalowa m'nyumba mwathu ku Tottenham, mumzinda wa London. Ndi fungo lozizira, longa la makina osokera koma lolemererapo. Tinkakhala pamwamba pa sitolo ya zakudya za ku Africa, ndipo masitepe athu ankanunkha nsomba zouma ndi tsabola. Tsikulo fungo lachilendoli linaposa zonsezo. Bambo analowa atanyamula chinthu chachitali chokulunga m'saka, n'kuchigoneka pathebulo pang'onopang'ono.

Inali mfuti ya mpweya, yowombera tizipolopolo tamtovu. Bambo anali ndi kadimba kobwereka ku khonsolo, kuseri kwa njanji, komwe ankalima mizere isanu ya chimanga, maungu a nkhwani ndi mpiru. Chaka chimenecho makoswe ndi agologolo anayamba kudya chimangacho chisanakhwime. Mzungu wina wokalamba wa dimba loyandikana nalo, posamuka, anawasiyira mfutiyo ndi kachitini ka tizipolopolo. Kumudzi bambo anali a gemu, olondera nyama m'nkhalango. Ku London ankatsuka mabasi. Ine ndinaganiza kuti tsopano ndiwaona bambo anga enieni.

Lamlungu titaweruka ku tchalitchi kunabwera a Tembo, mnzawo wa ku Chipata, dalaivala wa basi. Atayesa kuikoka mfutiyo, nkhope yawo inasintha. Anati sipuling'i yake ndi yolimba kwambiri, pali wina anaisintha, pamene lamulo la dzikoli linaika malire a mphamvu ya mfuti za mpweya.

"Ba Phiri, kuno si ku Kasungu iyayi," anatero a Tembo. "Iyi ikapitilila limit, ni firearm. Bazakumangani, manje after that ni ndeke, na family yonse."

Mapepala athu okhalira m'dzikoli ankadalira ntchito ya mayi ya unamwino. Mayi anasiya kudula anyezi, nati ikatayidwe mumtsinje wa Lea tsiku lomwelo. Bambo anakana. Anati mfuti sitayidwa m'madzi, chifukwa madzi amaphwa ndipo ana amatola. Anakananso kupita nayo kupolisi asakudziwa chomwe anyamula. Ku gemu anaphunzira kuti mfuti suipereka m'manja mwa munthu usanaidziwe. Panafunika kuiyeza kaye.

Nyengo yonse yoyoyoka masamba inathera pa kusankha makina oyezerawo. Dzina lake ndi koronogirafu, ndipo amayeza liwiro la chipolopolo. A Tembo anabweretsa magazini akale a alenje. Chingerezi bambo ankachidziwa, koma tizilembo ting'onoting'ono tinkawatopetsa maso, choncho ine ndinkawawerengera ndikachoka kusukulu. Tinkakhala kukhitchini, mawindo ali mbuu ndi nthunzi, paipi ya hita ikugogoda kukhoma. Makinawo anali a mitundu iwiri. Ena anali aang'ono ngati bokosi la machesi, omangirira kukamwa kwa mfuti, oyenera mfuti za mpweya zokha. Ena anali bokosi lalitali la maso awiri, lina kutsogolo lina kumbuyo. Chipolopolo chikadutsa pamwamba, maso aja amaona mthunzi wake, makina n'kuwerengera nthawi yomwe chatenga. Amenewa ankayezanso mfuti zikuluzikulu.

Ine ndinkati titenge aang'onowo, atikwanira. Bambo ankangoika chala pa chithunzi cha a maso awiri, n'kundiuza kuti ndiwerengenso pomwe palembedwa za mfuti zazikulu. Ndinawerenga ndimeyo mpaka kuiloweza.

Masabata ankapita. Mfuti inagona pamwamba pa wodiropu m'saka lake, kachitini kosatsegula kali pambali pake. Galimoto ya polisi ikalira pamsewu waukulu, mayi ankaima ndi chikombe m'manja mpaka kulirako kuzimiririke. Kudimba chimanga chinkatha. Loweruka lililonse tinkapeza zitsononkho zoyera pansi, bambo n'kuzitola osadandaula. Ndinazindikira kuti makoswewo sankawakhudza kwenikweni, koma sindinadziwe chomwe chinkawakhudza. Sanali munthu womufunsa. Ngakhale dzina langa sankalitchula. Ndinali "iwe" kapena "mnyamata", pamene ana a a Tembo ankawaitana mayina onse.

Chakumapeto kwa Okutobala tinakwera mabasi awiri kupita ku sitolo ina ya zida za alenje chakum'mawa, kupitirira Ilford. Mkati munali fungo lomwe lija la mafuta. Mwini sitolo, bambo wamagalasi wolankhula mothamanga, anagwirizana nane kuti aang'onowo ndi okwanira. Bambo anamvetsera, kenako anandiuza m'Chichewa kuti ndimufunse chinthu china. Ankafuna kudziwa za mfuti ya 303, yomwe ankanyamula ku gemu: chimayamba kufika n'chiyani, chipolopolo kapena kulira kwa mfuti?

Mwini sitolo anaseka pang'ono, nati chipolopolo chimenecho chimathamanga kuwirikiza kawiri kulira kwake. Chomwe chawombedwa, anatero, sichimva n'komwe kuti mfuti yalira. Ndinamasulira ndikunyada.

"Ndiye kuti samva?" bambo anandifunsa.

"Akuti samva, adadi."

"Umufunsenso. Ngakhale ali pafupi, ngati apa ndi chitseko icho?"

Ndinafunsanso, yankho linali lomwelo. Bambo anayang'ana chitsekocho nthawi yaitali, mpaka mwini sitolo anayamba kukonzakonza zinthu pakauntala. Kenako anati tikutenga a maso awiri. Mwini sitolo analemba 610 pakatoni ya makinawo, nati ndi tizipolopolo tathuto nambala isapitirire pamenepo. Anatilangizanso kuyeza tsiku la mitambo, chifukwa dzuwa lowala limasokoneza maso a makinawo.

Tsiku la mitambo silisowa ku London. Tinapita kudimba Lamlungu masana, kumwamba kuli kotuwa ngati phulusa. Kunkanunkha dothi lonyowa ndi utsi wa zinyalala zomwe wina ankatentha patali. Bambo anaika makinawo pa kathebulo, kumbuyo kwake matumba awiri a mchenga otchinga chipolopolo. Kuseri kwa matumbawo kunali mapesi ouma a chimanga chathu. Anagwada, n'kuika mfuti paphewa. Kugwira kwake kunali kwa munthu woidziwa ntchitoyo. Koma mphepo itagwedeza mapesi, anatsitsa mfuti, n'kuigoneka pansi, n'kupita kukasuzumira m'mizere. Anabwerera, kugwada, mapesi n'kuchitanso phokoso. Anapita katatu. Kachitatuko thukuta linali litanyowetsa kolala ya jekete, kunja kukuzizira chonchija.

Atagwadanso kachinayi analankhula osatembenuka.

"Lameki, uli kuti?"

Ndinachedwa kuyankha, chifukwa dzina langalo linamveka lachilendo pakamwa pawo. Ndinati ndili kumbuyo kwawo.

"Bwera undigwire lamba. Usasiye mpaka ndikuuze."

Ndinalowetsa zala kuseri kwa lamba wawo wachikopa. Mfuti inati phwa, kaphokoso kochepa ngati kutseka chitseko cha kabati, ndipo pagalasi la makina panatuluka 688. Anawomberanso kawiri, ine ndili chigwirire. Nambala zonse zinaposa ya pakatoni ija. A Tembo ananena zoona: m'nyumba mwathu munagona mfuti yoti ikanatithamangitsa m'dziko. Bambo analemba nambala zitatuzo pakapepala. Madzulo anamasula mfutiyo pathebulo la kukhitchini, chitsulo pachokha, thabwa pachokha, mayi akuyang'ana.

Nkhani yake ndinaimva patapita zaka zambiri, bambo atamwalira, pamene ine ndi mayi tinapeza makina aja pamwamba pa wodiropu. Chaka chimodzi ine ndisanabadwe, bambo ndi mnzawo wapamtima ankalondola njati yovulala m'bandakucha. Anasiyana pang'ono m'tsekera lalitali. Udzu unagwedezeka kutsogolo, bambo anawombera. Muudzumo munali mnzawo uja, ndipo anafera pomwepo. Akuluakulu anagamula kuti inali ngozi, n'kuwasamutsira kosungira katundu. Mnzawoyo anali Lameki. Mayi anati kwa zaka zonsezo bambo ankangofunsa chinthu chimodzi: kodi Lameki anamva kulira kwa mfutiyo, n'kudziwa kuti ndi ya ndani?

M'mawa wa Lolemba lotsatira tsiku loyeza mfuti lija sindinkadziwa zimenezi. Bambo sanapite ku mabasi, ine sindinapite kusukulu. Anavala suti ya ku tchalitchi, anaika mapasipoti athu m'thumba lamkati pamodzi ndi kapepala ka nambala, zidutswa za mfuti n'kuzimanga m'saka lija. Kupolisi anafotokoza okha m'Chingerezi chawo chodekha, osafuna womasulira. Wapolisi anawerenga kapepalako, anafunsa mafunso angapo, analandira sakalo, natithokoza. Palibe anatifunsa za mapasipoti.

Chomwe ndimakumbukira kwambiri ndi ulendo wopita. Njira yonse, saka lili kukhwapa, anandiyendetsa kumbuyo kwawo nditawagwira lamba, mnyamata wamkulu wa sekondale, anthu a pa siteji ya basi akutiyang'ana. Ndinachita manyazi. Ndinkayesa akuopa apolisi, kapena akuopa kuti ndisochera. Pangodya iliyonse ankafunsa chapansipansi, "Lameki, ulipo?" Ine ndinkayankha kuti ndilipo.