Nsanja ya Alamu Anga a Ja Tamun

M'chilimwe cha 1984, mphepo yotentha ikuulutsa mchenga, kunabwera akatswiri odzakonza nsanja zitatu za kachisi wa Po Klong Garai paphiri paja. Analemba aganyu otunga madzi, ndipo mmodzi mwa iwo anali mlamu wanga, a Ja Tamun, amuna a mng'ono wanga Mu Hala. Ganyuyo inatha pa 9 Juni. Pa 10 Juni tinadzuka alamuwo atasanduka katswiri pakhomo.

Aliyense kwathu amadziwa kuti makolo athu Achamu anamanga nsanjazo popanda dothi looneka pakati pa njerwa, moti ngakhale nsonga ya mpeni silowa. Papita zaka mazana asanu ndi awiri koma zikadali zofiira, pamene njerwa za masiku ano zimada ndi ndere mvula ikangogwa kangapo. Mmene ankamatira, anthu ophunzira akukanganabe. Alamu anga anati anachiona chinsinsicho ali ndi zidebe paphewa.

"Umanyowetsa njerwa ziwiri, n'kumazikwecha mpaka zigwirane zokha," anatero pa chakudya.

"Nanga mpunga kumunda ukwechedwa ndi ndani?" anafunsa Mu Hala.

"Amayi inu, mpunga umadyedwa n'kutha. Ine ndikunena za zaka mazana."

Ndisawanamizire, chimene chinkawadya mumtima chinali chenicheni. Kwathu mwamuna ndi mkamwini mpaka imfa. Nyumba ndi ya mkazi, munda ndi wa mkazi, ana ndi a mkazi, ndipo mwamunayo akamwalira, timafupa ta pamphumi pake timabwerera kumanda a mtundu wa amayi ake. "Ngakhale mafupa anga satsala pano," ankatero. "Koma nsanja itsala, ndipo adzati ndi ya Ja Tamun."

Anayamba kumanga pa 2 Ogasiti, kuseri kwa nyumba. Anakwecha njerwa mpaka zikhadabo zinatha. Zitakana kugwirana, anati chikusowa ndi utomoni wa mtengo. Mu 1987 chinsinsi chinasanduka madzi a nzimbe, ndipo chaka chimenecho nyerere za m'mudzi monse zinasamukira kwathu. Mu 1990 anayesa mazira, nkhuku zonse za Mu Hala zikugwirira ntchito makolo. Pa chikondwerero cha Kate, anthu akukwera phiri ndi zovala za mfumu yakale ndi nsembe zawo, alamu ankaima pakhoma la kachisi n'kumalinunkhiza.

Nsanjayo inakwerabe mpaka inaposa denga. Pamwamba pa khomo anaikapo chifanizo cha mulungu wovina wa manja asanu ndi limodzi, ngati wa kukachisi, kungoti wawoyo ankaoneka ngati munthu amene akuthamangitsa mavu. Madzulo ankakhala pampando kutsogolo kwake, akusuta. Kumbuyo sankapitako. Ankati nsanja amaiyamikira poyang'ana khomo la kum'mawa.

Pa 11 Novembala 2001 kunagwa mvula yamkuntho, nsanjayo n'kukhala pansi chagada. Alamu atazungulira kumbuyo anapeza khoma lili mphako yokhayokha, ndipo pataliko pang'ono panaima khola la mbuzi lokongola, la njerwa zofiira zosalala.

"Njerwa izi ndikuzidziwa," anatero.

"Muzidziwe kumene. Ndinayamba kusolola mu 1993," anayankha Mu Hala.

"Munaswa ndi chiyani?"

"Kuswa? Ndinkasolola ndi dzanja limodzi, linalo nditanyamula mdzukulu wanu. Abambo inu, zaka zonsezi mwakhala mukusanja njerwa ngati mbale."

Anatembenukira kwa ine. "Alamu, inu munali mphunzitsi. Auzeni kuti izi ndi zanga."

"Njerwa ndi zanu, alamu," ndinatero. "Pamene zaimapo ndi pa akazi anu."

Ananena kuti sangagonenso pakhomo pamene mbuzi zalandira ulemu wa munthu, ndipo abwerera kwa alongo awo ndi katundu wawo yense. Mu Hala anati, "Zulani, mutenge." Alamu anapita kukhola, nagwira njerwa ya pakona. Anakoka, osatheka. Anaponda khoma ndi phazi n'kukokanso, mbuzi zikuwayang'ana. Anatulutsa mpeni kuti alowetse pakati, nsonga inapindika. Pamenepo mkwiyo unawachokera pankhope, anagwada n'kumasisita khomalo.

"Zagwirana," ananong'ona. "Amayi, munathiramo chiyani?"

"Simenti."

Akadali chogwada, alamu anafunsa ngati mwina anasakanizako utomoni pang'ono. Mu Hala anati ayi.

Tinkaganiza kuti mtima utsika akadya, poti mng'ono wanga anaphika nsomba ya msuzi wowawasa imene ankaikonda. Anadya, nawonjezera, koma mawu awo sanabweze. Anabwereka ngolo ya ng'ombe, nakwezamo mpando wawo, malaya awiri ndi mulungu wa mavu uja, amene anatsala ndi manja anayi. Anachoka pa 14 Novembala 2001.