Tsiku Limene Ndinakana Kugwa

Mundikhululukire kuti ndalimba mtima kulemba izi. Sukulu yanga ndi yakumudzi, ndipo za masewera olimbana sindidziwa zambiri. Amene amazidziwa akaona polakwika andikonze. Ine ndikungofuna kunena zimene zinachitika kuseri kwa nyumba ya alamu anga ku Mbayani.

Ndinabwera mu Blantyre sukulu itandikanika. Achemwali anga anakwatiwa ndi mlonda wa pasitolo ina yaikulu ya amwenye ku Limbe, ndipo ndiwo ananditenga. Ndinkagona pabalaza, ndinkatunga madzi, ndinkasita yunifomu ya alamu. Amayi ponditsanzika anandiuza kuti m'nyumba ya eni munthu sakweza mapewa, ndipo mawuwo ndinawasunga.

Alamu anali munthu wamfupi, wosachedwa kuseka, mpaka tsiku limene anabwera yunifomu ili matope okhaokha. Nkhani tinaimva kwa mayi wina woyandikana nafe, amene ankagulitsa mandasi pafupi ndi sitoloyo. Pakhonde la sitolo pankakonda kukhala bambo wina wonyamula matumba padepoti ya minibasi. Alamu anamuuza kuti achoke, iye anakana, alamu nkumukankha paphewa. Bamboyo anangowerama, nkuwagwira miyendo yonse iwiri kuseri kwa mawondo, nkuwanyamula, nkukawakhazika m'ngalande anthu akuona. Kuyambira pamenepo oitanira minibasi akawaona ankawafunsa ngati madzi aja anali ofunda, kapena awabweretsere sopo.

Alamu anayamba kupita ku holo ina ku Limbe, kumene makaniko wina wa makolo ochokera ku Mozambique ankaphunzitsa masewera ogwetsana a judo Loweruka. Anapitako milungu yochepa nkusiya, ati chofunika achigwira kale, zotsalazo nzongoweramirana. Chimene anatola chinali kagwetsedwe kamodzi: umagwira mnzako pakolala ndi pamkono, umatembenuka kumupatsa msana, umalowetsa chiuno, ndiye umamukoka kuti adutse pamwamba pako akagwe chagada. Anapempha utuchi kwa akalipentala a kumsika, tinaudzaza m'matumba, tinayala kuseri kwa nyumba pakati pa bafa ndi mpanda. Panangotsala munthu woti azigwetsedwa. Anandipatsa jekete yawo yakale kuti azipeza pogwira.

Kumudzi ndinkalimbana ndi anzanga kubusa, pamchenga wa kumtsinje, choncho kugwetsedwa ndimakudziwa. Munthu akakutenga bwino, mapazi ako amapepuka usanaganize kanthu, nthaka imangokuchokera. Tsiku loyamba lija alamu atatembenuka nkukoka, ine sindinamve choncho. Mawondo awo anali owongoka, chiuno chawo chinkandigunda pamimba m'malo molowa pansi pake, ndipo mapazi anga anali pansi onse awiri, olemera ngati nthawi zonse. Anakokanso. Ndinaona mitsempha ya m'khosi mwawo itatupa, ndinaonanso achemwali ataima pakhomo ndi beseni. Ndiye ndinanyang'ama pang'ono nkudumpha.

Ndinagwa pautuchi, fumbi kuti buu. Alamu anaseka koyamba chichitikire za m'ngalande zija. Anandidzutsa, nkundisasa kumsana, nkumati ndaona mmene munthu amapitira. Madzulo ake anandigulira sikono.

Mawa lake ndinadumphanso, mkuja chimodzimodzi. Ndinaphunzira kudumpha pa nthawi yake yeniyeni, kumenya utuchi ndi dzanja kuti kugwako kumveke, ngakhale kubuula pang'ono podzuka. Ana a nyumba zoyandikana ankakwera pampanda kudzaonera. Ine ndinkaona ngati ndikuthandiza. Nyumba inabwerera mwakale, alamu ankadya bwino, ankaimba posamba.

Kenaka anatumiza mawu kwa bambo wa matumba uja. Anagwirizana kuti akumane pabwalo la kumunsi kwa msika wa Mbayani, pa holide ya ufulu, tsiku limene masitolo amakhala otseka. Popanda mpeni, popanda chibakera, kungogwirana basi, wogwa wagwa. Alamu anatiuza izi akumwetulira. Ine ndinasiya kudya.

Masiku akuyandikira, achemwali anandituma ku Limbe kukapereka juzi kwa alamu, chifukwa kunayamba kuzizira. Ndi pamene ndinamuona bamboyo ndi maso anga. Sanali wamtali kwenikweni, koma khosi ndi mapewa zinali chinthu chimodzi. Ankasewera ndi mnzake wonyamula katundu kuseri kwa minibasi. Anamulowa m'miyendo, nkumukweza, nkumutembenuza mutu pansi, nkumugwira choncho pamwamba pa phula, tsitsi litatsala pang'ono kukhudza. Anthu ankaseka. Anamusunga choncho mpaka kuseka kunayamba kuchepa, ndiyeno anamutsitsa pang'onopang'ono. Mayi wa mandasi uja anandinong'oneza kuti kuli wina ku Bangwe amene sanatsitsidwe pang'onopang'ono, ndipo mpaka lero akafuna kuyang'ana kumbali amatembenuka thupi lonse.

Wina anandiloza. Bamboyo anabwera akupukuta manja pamalaya, nkundifunsa ngati ndine mlamu wake wa a gadi. Ndinavomera ndikuyang'ana pansi.

"Ukawauze adye bwino masiku ano," anatero mofatsa. "Zopepuka zimandipulumuka m'manja."

Pobwerera ndinadzera pabwalo lija. Nthaka yake inali youma gwa, miyala itatulukira, mabotolo osweka m'mbali. Ndinaponda ndi chidendene, sipanalowe. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndikuganiza za alamu akutembenuka kumupatsa msana munthu ameneyo, mawondo ali owongoka, akudikira kuti apite.

Ndinayesa kuwauza. Ndinkakonza mawu potunga madzi, koma ndikafika pamaso pawo ankatuluka ena. Tsiku lina ndinangoti mwina akanabwerera kwa makaniko uja kuti akawaonenso. Anaseka, nkunena kuti mphunzitsi wawo tsopano ndi msana wanga. Ndiye ndinapita kwa achemwali, amene ndinawapeza akuchapa. Ndisanamalize anandidula, nkunena kuti maso ali nawo, akhala akuona kuyambira kale mmene zidendene zanga zimanyamukira zisanakokedwe. Sanakweze mutu.

"Ine sangandimvere, aziti ndi mantha achizimayi. Amene amamugwira ndiwe."

Ndinafunsa kuti nanga akakwiya ndipita kuti. Achemwali anapitiriza kufikisa kolala ya yunifomu.

Tsikulo kunacha ndi chiperoni. Phiri la Ndirande silinkaoneka, kamvula kankangowaza, matumba a utuchi anali atanyowa. Alamu anadzuka msanga, anavala nsapato zawo zakuntchito, nkundiitana kuti tiyese komaliza, thupi litenthe. Ndinavala jekete ija. Ana anali kale pampanda. Achemwali anatuluka nkuwathamangitsa onse, chinthu chimene anali asanachitepo.

Alamu anandigwira pakolala ndi pamkono. Anatembenuka, analowetsa chiuno, anakoka. Ine sindinachite kalikonse. Sindinawakankhe, sindinawatchere ndale, ndinangosiya mapazi anga pamene anali. Anakoka ngati akukoka mtengo. Anandisiya, nkundiyang'ana, nkunena kuti utuchi wanyowa, ukuterera. Anagwiranso, mwamphamvu kuposa poyamba, mpaka kolala inandikanda pakhosi. Sindinasunthe.

"Mlamu, wadwala?"

"Ayi, alamu."

"Nanga ukulimbiranji?"

"Sindikulimba, alamu. Ndangoima. Kokani ndithu."

Anakoka ndi mphamvu zawo zonse. Jekete inang'ambika paphewa, iwo anapita kutsogolo okha nkugwada pautuchi, kansalu kali m'manja. Anakhala chogwada choncho akupuma mofulumira. Kumsika kunkamveka kale malikhweru, anthu akutsikira kubwalo. Ine ndinkafuna kuwadzutsa, koma ndinaopa kuwakhudza.

Osatembenuka, anandifunsa kuti ndinayamba liti. Ndinati tsiku loyamba. Anafunsa ngati panalibe ngakhale tsiku limodzi limene anandigwetsa okha. Ndinafunitsitsa kunena kuti linalipo. Ndinati panalibe.

Analowa m'nyumba nkukhala pampando, nsapato zili kuphazi. Ine ndinaima panja pafupi ndi zenera, kamvula kakundinyowetsa. Phokoso la kubwalo linkakula. Patapita nthawi anyamata ena anakwera kudzaima pageti, akumenya malata a mpanda, akuitana a gadi kuti madzi afunda, abwere adzasambe. Ndinaona alamu akuimirira. Anafika pachitseko nkugwira chogwirira. Achemwali anali pakona, manja ali pamiyendo. Anyamata aja anayamba kuimba. Alamu anaima pamenepo nthawi imene kwa ine inali yaitali kwambiri, msana wawo ukukwera ndi kutsika. Kenaka anabwerera pampando, anawerama, nkuyamba kumasula zingwe za nsapato.

Anandituma ine kukawauza anyamata aja, koma anatumiza mawuwo kudzera mwa achemwali, ngakhale ndinali pomwepo. Ndinapita kugeti nkunena kuti alamu sabwera. Anandifunsa ngati atsegula m'mimba. Ndinati sabwera basi. Anaseka, anatukwana, wina anaponya chitsononkho padenga, nkutsika kukauza anzawo. Ndinadziwa kuti mawa lake alamu akaima pakhonde la sitolo lija tsiku lonse, depoti yonse ikuwadziwa, ndipo adzaimapo choncho masiku ambiri. Koma akaimapo ndi miyendo yawo, khosi likutembenuka.

Masana achemwali anandiitanira kuseri. Chikwama changa chinali kale pamatumba a utuchi, zovala zitapindidwa bwino. Anati alamu sakundida, koma sangathe kumandiona m'mawa uliwonse ndikuwasitira yunifomu, ndipo kuli msuweni wathu ku Chilomoni amene angandisunge. Anandikonza kolala pamene panakandika paja, nkundiuza kuti ndiyende kusanade. Ndinaima pakhomo nkutsanzika mwaulemu. M'katimo munkangolira wailesi.

Ndinatuluka m'nyumba imeneyo Lachiwiri, pa 6 Julayi, 2010.