Malaya a Bashikulu Anathera mu Ziro

Ku Mufulira kuno kuli mkulu wina, timawatcha Bashikulu kutanthauza agogo, amene ankayeza ngalande za pansi ku mgodi. Anapuma kalekale, koma choko sichichoka m'thumba mwawo. Akaona nambala maso amachita kuwala, ndipo amalemba paliponse: pachitseko, pachidebe, ngakhale pakhoma la eni ake. Mawu awo ndi amodzi: "Nambala yotsala imafuna ziro."

Bana Kapambwe, mayi wautelala woyandikana nawo, anawamvetsa tsiku limene anali ndi nsalu ya mamita 11 yosokera operekeza mkwatibwi anayi. Anagawa papepala: 4 mu 11 alowa kawiri, kutsala 3. Basi, n'kulemba 2.3. Poona kuti nsalu itsalako, anaitana mkuluyo pampanda: "Bashikulu, malaya anu apezeka."

Mkuluyo atasuzumira pepalalo, anagwira sizasi itayasama kale pansalu.

"Mayi, ana a eni ake akavina mawondo ali pamtunda. 3 ameneyu sanamalize ntchito."

Choko chinayamba liwiro pathebulo. Kadontho, kenako ziro pambali pa 3.

"4 mu 30?"

"Kasanu n'kawiri, kutsala 2."

"Mupatseni ziro wina. 4 mu 20?"

"Kasanu. Eee, ndiye ndi 2.75!"

Bana Kapambwe anayeza msangamsanga, nsalu n'kuthera pa diresi lachinayi ndendende. Anavina kaye, kenako n'kuima.

"Nanga malaya anu, Bashikulu?"

Mkuluyo anasisita kolala yawo yothetheka, akumwetulira mpaka m'makutu.

"Awa akadali bwino. Inu taonani kukoma kwake: palibe chotsala."