Penti M'manja, Tsache Pakamwa

Ndinaganiza zochoka tsiku limene ndinazindikira kuti ndaloweza ming'alu yonse ya pakhoma la ofesi yathu ku Limbe. Ndinali kalaliki, ndipo mpando unkandiwotcha. Mayi ankati ndinabadwa ndi nyerere kumapazi. M'thumba ndinali ndi kalata ya a Mbewe, amene anandiphunzitsa Sitandade 8 kwathu ku Ntcheu asanapite ku Canada. Analemba kuti pogona alipo, za ntchito tikaonera konko. Sindinafunse kawiri.

Ndinakawapeza ku Oshawa, m'kachipinda kapansi pa nyumba ya mzungu wina wa ku fakitale ya magalimoto. Aphunzitsi aja, amene choko sichinkachoka m'manja mwawo, tsopano anali opaka penti. Kuseri kwa chitseko kunkalendewera chijasi chachizimayi, chikadali m'pulasitiki. Anagulira akazi awo, aNaphiri, amene anatsala kumudzi ndi ana awiri. Kuti awaitanitse, a imigireshoni ankafuna kalata yosonyeza kuti ali pa ntchito yokhazikika. Mtima wawo wonse unali pa kalata imeneyo.

Anandilowetsa ntchito kwa kontrakitala wawo, yemwe anapata mwayi wopenta maofesi a boma. Kumeneko kuli lamulo lakuti wogwira ntchito ya boma azilipira anthu ake molingana ndi mitengo imene boma laika, ndipo pepala la mitengoyo alikhome poonekera. Pepalalo linakhomedwadi pafupi ndi khomo, kungoti folomani ankakonda kupachikapo jekete lake. Tsiku lina jeketelo linagwa, a Mbewe n'kuvala magalasi. Wopenta anali ndi mtengo wake, wosesa wake wotsika kwambiri. Ife tinkakhala pa makwerero ndi burashi tsiku lonse, koma m'mabuku a bwana tinalembedwa kuti ndife osesa.

"Mphwanga, this is not fair, akutidyera masuku pamutu," anatero. "Ine ndiwalipota. Insipekita akabwera, iwe udzangonena ntchito imene umagwira, basi."

"Imeneyo ndi nkhani yaing'ono, aphunzitsi," ndinayankha, ndikudziguguda pachifuwa.

Masabata odikira insipekita sindinkakhazikika malo amodzi. Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi ndinkakwera sitima mpaka ku Toronto, n'kubwereranso, popanda munthu wokamuona. Ndinali wosungulumwa koopsa, koma mayi sindinawauzepo. Makalata kwathu ankafika atatsegulidwa ndi kumatidwanso, choncho aliyense ankadziwa kalembedwe kake: ndatumiza kangachepe, kuno zonse zili bwino.

Insipekita anabwera Lachiwiri m'mawa, munthu wofatsa, wa tayi ndi kope m'manja. Anatiitana mmodzimmodzi. Atangonena kuti wachokera ku boma, n'kutsegula cholembera, thupi langa linabwerera ku Limbe lokha. Kwathu masiku amenewo munthu wa boma akalemba dzina lako m'kope, sunkadziwa ngati ugona kunyumba. Ndinavula chipewa, manja kumbuyo, maso pansi.

"Mumagwira ntchito yanji pano?" anafunsa m'Chingelezi.

"Ndimasesa, bwana."

Anayang'ana manja anga. Anali oyera mbuu ndi penti mpaka m'zikhadabo.

"Lamuloli ndi loteteza inuyo," anatero pang'onopang'ono. "Palibe akuchiteni kanthu. Muli ndi dandaulo?"

"Ayi bwana, zonse zili bwino."

Anadikira ndithu. Kenako anatseka kope. Anzathu awiri a ku Portugal, amene mapepala awo sanali olongosoka, nawonso anati amasesa. A Mbewe anatsala okha ndi choonadi chawo, opanda mboni. Patatha masabata awiri bwana anati ntchito yachepa. Anaimitsa a Mbewe, ine wosesa wokhulupirika n'kutsala. Kalata ya imigireshoni inafera pomwepo.

Aphunzitsi akanandikalipira mwina ndikanapepukidwa. Iwo anangolongedza katundu, kusamukira ku Brampton kukasaka maganyu m'nyumba zosungiramo katundu. Ali pakhomo ndi sutikesi anandiyang'ana. "Ine ndinakuphunzitsa kuwerenga," anatero, "koma mantha anakuphunzitsa ena odziwa ntchito kuposa ine."

Ndinakhalanso zaka zitatu. Ndinasintha ntchito kanayi, nyumba kasanu, manyazi osasintha. Nditaganiza zobwerera kwathu ndinapita kukawatsanzika a Mbewe. Anali ataonda, ntchito ikadali ya lero ilipo mawa kulibe. Anatsitsa chijasi chija kuseri kwa chitseko.

"Ukawapatse aNaphiri. Ku Ntcheu nako kumazizira mu Juni."

Ulendo wonse ndinkayeseza mawu. Ndinatsimikiza kuti ndikafika ndikaulula zonse, kuti amene anawatsekera njira yopita kwa amuna awo ndine, wina ayi.

Ndinawapeza akusenda chinangwa pakhonde. Denga la nyumba linali litagwa mbali imodzi, ndipo mwana wamkulu anali atasiya sukulu. Anandiyalira mphasa, tinalonjerana, ndinapereka chijasi ndi manja awiri. Anachitulutsa m'pulasitiki, kuchisisita, osachivala. Anamvetsa ndisananene kanthu kuti ulendo wawo wa ku Canada wafa.

"Mayi, pali nkhani," ndinayamba. "Kunabwera munthu wa boma kuntchito kwathu, ndiye ine..."

Dzanja lawo linaima. Maso anathamangira kumpanda, kumene bambo wina woyandikana nawo ankanola khasu mosafulumira. Kenako anaseka mokweza, kuseka kopanda chimwemwe.

"Iii achimwene, mwayenda ulendo wautali, imwani kaye madzi!" Atandipatsa chikho anatsitsa mawu. "Za boma sitikamba pakhonde. Mwaiwala kale?"

"Koma ndi boma la kunja, mayi."

"Boma ndi boma."

Ndinamwa madziwo. Ndinali nditadutsa nyanja yamchere kawiri nditasenza chinthu chimodzi, mantha, chimene ndinkayesa kuti ndi changa ndekha, kufika kuno ndikupeza chili pakhonde lililonse. Sizinandichotsere mlandu. Zinangondionetsa kumene ndinachitenga.

Pondiperekeza anafika nane pa mseu, chijasi chili pamkono dzuwa likuswa mtengo.

"Inu muli ndi dzanja labwino," anatero. "Muwalembere abambo a ana. Muwauze kuti chovala ndalandira, ndipo kuno zonse zili bwino."

Ndinalembadi choncho.